Nkhope ya Kaisara Pakhosi

Alendo okacheza ku mzinda wa Roma, m'dziko la Italy, kaŵirikaŵiri amabwerako ndi kandalama kasiliva kolendeŵera pa unyolo wa m'khosi, kapena koikidwa pa mphete ndi pa ndolo. Pa kandalamako pamakhala mutu wa munthu wovala nkhata ya masamba, ndipo m'mphepete mwake muli zilembo zachilatini. Ambiri a ife tikakaona timangoti nkokongola, osafunsa kuti nkhopeyo nja yani, kapenanso ngati ndalamayo ili yakaledi.

Zambiri mwa zokongoletsazi nzofanizira denarius, ndalama yasiliva imene Aroma anayamba kusula cha m'chaka cha 211 Yesu asanabadwe. Ife oŵerenga Buku Lopatulika timaidziŵa ndi dzina lakuti rupiya latheka, malipiro a tsiku limodzi a antchito a m'munda wamphesa pa Mateyu 20. Inali yaing'ono ndithu, yolemera pafupifupi magalamu 4.

Imodzi mwa zimene anthu amazifuna kwambiri ndi ya Tiberius, amene analamulira kuyambira chaka cha 14 kufikira 37, pakuti akatswiri ambiri amaganiza kuti ndiyo ndalama ya msonkho imene Afarisi anaonetsa Ambuye. Zilembo zake zimamutcha Tiberius mwana wa Augustus, ndipo Augustusyo zimamuyesa mulungu. Kuseri kwake kuli mai wokhala pampando, ndi dzina la ulemu lakuti mkulu wa ansembe. Tikadziŵa zimenezi timamvetsa chifukwa chake funso la msonkho linali lopweteka kwa Myuda woopa Mulungu. Sitikunena kuti kuvala kandalamako nkulakwa. Tikungoti wovalayo adziŵe chimene zilembozo zikunena.

Mwambowu suli watsopano. Aroma eni ake ankaika ndalama zagolide m'mikanda yawo, makamaka kuyambira zaka za m'ma 200. M'chaka cha 1966 kampani ya Bulgari ya ku Roma inautsitsimutsa, poika ndalama zenizeni zakale m'zokongoletsa zagolide za mtengo wapatali. Zofanizira zasiliva zimafikira anthu wamba amene sangakwanitse mtengo wotero.

Aroma ankaika kachidutswa kasiliva pakati pa zidindo ziŵiri nkumenya ndi nyundo, nchifukwa chake ndalama zawo sizozungulira bwino ndipo chithunzi chimapendekera mbali imodzi. Osula ambiri a lero amadinda chikombole pa ndalama yakale, nathiramo phula. Phulalo amalikuta ndi dothi losapsa ndi moto, nalisungunula kuti lituluke, ndipo m'malo mwake amathira siliva wosungunuka. Pomaliza amadetsako m'makwinya ndi mankhwala kuti ioneke ngati yofukulidwa pansi.

Apa ndipo pagona nkhani. Chinthu chopangidwa dzulo chikaoneka cha zaka 2,000, wogulitsa wosakhulupirika amayesedwa kuti asanene zoona. Ku America anakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1973 lakuti ndalama yofanizira yotere idindidwe liwu lakuti COPY. Nambala ya 925 imene imaoneka pa kolowekera kapena mkati mwa mphete itanthauza kuti mwa magawo 1,000, siliva ndi 925, ndipo otsalawo kaŵirikaŵiri ndi mkuwa wolimbitsa. Chodabwitsa nchakuti siliva wotere aposa kutalitali wa m'ndalama za Aroma za m'ma 260, pamene mafumu osoŵa chuma anasakaniza mkuwa wambiri mpaka siliva anatsala magawo pafupifupi 5 okha mwa 100.

Tinene poyera kuti ife tikuona kuti yofanizira yodziulula iposa yeniyeni yosadziŵika kumene inachokera. Ndalama zambiri zakale zimafukulidwa mobisa, ndipo malo amene zikanaphunzitsa akatswiri mbiri yake amaonongeka. Chitsanzo ndi ndalama yagolide imene Brutus anasulitsa m'chaka cha 42 Yesu asanabadwe, yokhala ndi mipeni iŵiri yokumbutsa kuphedwa kwa Julius Caesar. Inagulitsidwa ku London m'chaka cha 2020 pa mtengo woposa mapaundi 3 miliyoni, koma m'chaka cha 2023 inabwezedwa ku Greece zitadziŵika kuti inatulutsidwa m'dzikomo mwakuba. Yofanizira yake yasiliva, imene achinyamata ena amavala osadziŵa kuti ikunyadira kupha munthu, ilibe mlandu wa kuba.

Wofuna kugula atembenuze kandalamako ndi kukayang'anitsitsa pa kuŵala. Yothiridwa m'chikombole imakhala ndi timaenje ting'onoting'ono ngati ta nthomba, zilembo zake zimaoneka zofota, ndipo nthaŵi zina m'mphepete mwake mumatsala mzere pamene mbali ziŵiri za chikombole zinakumana. Ngati m'sitolo muli mikanda khumi yokhala ndi ndalama zofanana ndendende, mpaka ming'alu yake yomwe, zonsezo zinatuluka m'chikombole chimodzi.