Kutenthetsa nyumba kuchokera pansi

Amene anakhalapo ku Johannesburg mwezi wa June amadziwa mmene matailosi amazizirira m'mamawa. Ukangoponda, chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa aliyense amene akukonza bafa kuti aganizire zoyala waya wotenthetsa pansi pa matailosi.

Ntchito yake ili motere. Choyamba mumayala timabolodi toletsa kutentha kuthawira m'simenti. Pamwamba pake mumayala kamphasa ka waya, komwe nthawi zambiri kamadya mawati 150 pa sikweya mita imodzi. Ndiye kuti malo a masikweya mita 4 amafuna mawati 600. Pakati pa mizere iwiri ya waya mumaikapo kachipangizo koyeza kutentha, kolumikizidwa ku thermostat ya pakhoma, yomwe imawongolera kutenthako.

Apa ndiye ndimachenjeza kwambiri. Wayayu sadulidwa, komanso sapingasana. Musamuike pansi pa kabati kapena chimbudzi, chifukwa kutentha kukasowa kotulukira, waya amapsa. Muyezeni ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, musanayale, mutayala, ndiponso mukamaliza kumata matailosi. Akadukira mkati, kukonza kwake n'kugumula pansi.

Zolumikiza ku magetsi musiyire katswiri wovomerezeka, ndipo pakhale swichi yozimitsa yokha magetsi akayamba kudutsa polakwika. Musayatse mpaka simenti yomatira matailosi itaumiratu.

Kunena zoona, njirayi imadya magetsi ambiri mukaiika nyumba yonse. Koma m'bafa kapena m'khitchini, mukamayatsa maola ochepa m'mawa, ndalama yanu siipita pachabe. Owerenga anga, yambani ndi chipinda chimodzi.