Cuku ca m'Matope a Mtsinje

Nsima ikagona masiku angapo imacita cuku. Cuku ndi cibale ca bowa. Cimapezekanso m'matope a m'mbali mwa mitsinje. Kumeneko cimakula ngati tiulusi topyapyala, tosaoneka ndi maso.

Mtsinje wa Kafue umadutsa ku Copperbelt, kumene kuli migodi ya kopa. Nthawi zina madzi oipa a ku migodi amalowa mumtsinje. Ku Kabwe nako kuli vuto. Mgodi wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali m'dothi. Mtovu suola ayi. Ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo, ndipo mwanayo amavutika kuphunzira.

Apa ndiye mitundu ina ya cuku imathandiza. Tiulusi twake tumagwira mtovu ndi kopa, monga mmene thonje limamwera madzi. Akatswiri a sayansi amatapa matope ndi kulera cukuco m'timbale. Akufuna mtundu wolimba umene ungasefe madzi oipa. Koma cuku sicimaliza poizoni, cimangomusunga. Cikakhuta, ciyenera kucotsedwa. Bowa nawonso umamwa poizoni mwanjira yomweyi. Bowa womera pafupi ndi zotaya za migodi si ndiwo, ngakhale uphikidwe bwanji.

Cuku cina cimapha tizilombo toyambitsa matenda. Mu 1928, Alexander Fleming anaona cuku citamera m'kambale kake ku London. Tizilombo ta pafupi naco tinali titafa! Mankhwala a penisilini a ku cipatala anacokera ku cuku cimeneco.