Za Wailesi ya Masiku a Chisankho, ndi Mau Amene Imalankhula

Pa nthawi ya chisankho nyumba zoulutsira mau zimasintha khalidwe lao. Nyimbo zimachepa, masewero ndi maphunziro a ulimi amayamba aima, ndipo usana ndi usiku mumamveka chinthu chimodzi chokha, ndicho maina a malo ndi ziwerengero za mavoti. Wailesi yotere ifanana ndi msasa umene mlimi amamanga kumunda mbeu zikacha: sakhalamo chaka chonse, koma masiku owerengeka amene akhalamowo ndiwo amanena ngati banja lidzadya kapena ai. M'nkhani ino tifuna kulongosola m'mene msasa umenewu umamangidwira, ndi njira imene chiwerengero chimayenda kuchokera m'chipinda cha sukulu ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi kufikira chitabwerera komweko m'wailesi. Nkhaniyi ikhudza aphunzitsi koposa anthu ena, pakuti malo ambiri oponyera voti ndi masukulu, ndipo ambiri mwa amene amayang'anira malowo ndi aphunzitsi.

Kumene Zinayambira

Pa 2 Novembala 1920, tsiku losankha pulezidenti ku America, kampani ya Westinghouse inali itaika makina ake m'kanyumba kongogwirizira pamwamba pa denga la fakitale ku East Pittsburgh. A nyuzipepala ya Pittsburgh Post ankatumiza ziwerengero pa lamya, ndipo amuna a m'kanyumbamo ankaziwerenga pa wailesi, kufikira zitadziwika kuti Warren Harding wagonjetsa James Cox. Umo ndimo inayambira wailesi ya KDKA. Taonani kuti zofunika zinali zitatu: munthu amene ali kumene kukuwerengedwa mavoti, lamya, ndi munthu wina wowerenga pa makina. Zaka zoposa 100 zapita, koma zitatu zimenezi sizinasinthe.

Maiko ena amatsegula wailesi yatsopano ndithu, naitseka nchito ikatha. Bungwe la United Nations linatero ku Cambodia: wailesi yake, Radio UNTAC, inayamba kulankhula mu 1992 pokonzekera chisankho cha mu Meyi 1993, niuza anthu mobwerezabwereza kuti voti ndi ya chinsinsi, ndipo inatsekedwa chaka cha chisankho chomwecho.

Kwathu kuno mwambo wake ndi wina. Kutsegula nyumba ya wailesi kulira chilolezo cha bungwe la MACRA, kuliranso ndalama zambiri za nsanja ndi makina. Motero nyumba zimene zilipo kale ndizo zimasanduka wailesi za chisankho kwa masiku angapo. Zimanyamula makina ao kukawaika ku likulu lophatikizira mavoti a dziko lonse, kumene kunali ku COMESA Hall mu Blantyre mu 2014 ndi 2019, ndi ku BICC mu Lilongwe mu 2025. Tsono zimamwaza atolankhani m'maboma onse.

Kale sizinali chomwechi. Kuyambira 1964 m'dziko muno munali MBC yokha, ndipo wofuna kumva zina ankasaka BBC kapena wailesi ya ku South Africa imene inkalankhulanso Chichewa. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene anthu ankasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, zotsatira anazimvera pa MBC. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, Dr. Kamuzu Banda analankhula pa wailesi yomweyo kubvomera kuti wagonja kwa a Bakili Muluzi, zotsatira zonse zisanalengezedwe. Mwambo wowerenga ziwerengero za sukulu imodziimodzi usiku wonse unakula pambuyo pake, makamaka itatsegulidwa wailesi ya Zodiak mu 2005 ndi a Gospel Kazako, ndi pamene lamya za m'manja zinafika kumidzi. Pa chisankho cha 2009 anthu ochuluka anachezera pa wailesi imeneyi.

Njira Ziwiri za Chiwerengero

Tiyerekeze sukulu ina ya kwa Malomo ku Ntchisi, kapena ya kufupi ndi Mvera ku Dowa. Kuponya voti kukatha madzulo, mabokosi amatsegulidwa pomwepo, oimira zipani akuona. Mavoti amapatulidwa, nawerengedwa, oonongeka naikidwa padera. Ndipo woyang'anira malowo amalemba ziwerengero pa chikalata chimene oimira zipani amasainira. Kuchokera apa chiwerengero chimayenda njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi ya lamulo. Chikalata chimapita ku malo ophatikizira mavoti a dera la phungu, ndipo kuchokera kumeneko zotsatira zimakwera kufikira ku likulu, kumene bungwe loyendetsa zisankho limazisanthula, nilimva madandaulo, nkulengeza. Lamulo lipatsa bungweli masiku 8 olengezera wopambana pa mpando wa pulezidenti. Njira imeneyi ndi ya kamba.

Njira yachiwiri ndi ya wailesi. Mtolankhani amakopera ziwerengero zomwezo m'kabuku kake, naimba lamya ku nyumba ya wailesi. Kumeneko alembi amazilandira, naziphatikiza, nazipereka kwa muulutsi. Mphindi zowerengeka zokha, munthu amene ali pa khonde lake ku Madisi wamva kale za sukulu ya ku Ntchisi imene sanaionepo. Phindu la njira imeneyi ndi lalikulu, ndipo sitifuna kulichepsa: chiwerengero chimene chamveka m'makutu a anthu zikwizikwi nchobvuta kuchisintha mumdima. Koma wailesi ilibe mphamvu yolengeza wopambana, ndipo sitha kukhala ndi mtolankhani pa sukulu iliyonse.

Mapiri nao ali ndi mbali yao. Mafunde a FM amayenda molunjika, ndiye chifukwa chake nsanja zimamangidwa pamwamba. Koma mudzi umene uli kuseri kwa phiri kapena m'chigwa umakhala ngati mumthunzi. Lamya ya m'manja nayonso imagwira bwino ku Mponela ndi ku Madisi, m'mbali mwa mseu wa M1, kuposa m'makwalala otsetserekera kunyanja kum'mawa kwa phiri la Ntchisi, kumene munthu amakwera pachulu kuti mau ake amveke. Tsono ziwerengero sizifika monga mwa kukula kwa malo, koma monga mwa ubwino wa mseu ndi lamya. Zimene zimveka poyamba ndi za malo apafupi, osati chithunzi cha dziko lonse ai.

Apa mpamene womvera wa ku Dowa ndi Ntchisi ayenera kuchenjera koposa anzake. Maboma awiriwa akhala akuvotera chipani cha Malawi Congress mwa unyinji. Mu 1993 anasankha tambala wakuda pamodzi ndi maboma ena a chigawo chapakati, pamene m'dziko lonse pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Munthu amene mudzi wake wonse, mpingo wake ndi msika wake zavotera kumodzi, akamva pa wailesi sukulu khumi zotsatizana zikunena chomwecho, amagona atatsimikiza mumtima kuti nkhani yatha. Kukacha namva zina, amati amubera. Mu 2019, bungwe la zisankho litalengeza za pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malo oponyera voti, a Lazarus Chakwera anali patsogolo pang'ono. Litafika pa magawo atatu mwa anai, patsogolo panali a Peter Mutharika. Kusinthana kotereku pakokha sikusonyeza kuba. Chimene chinagwetsa chisankho chimenecho ndi china: zikalata zofufutidwa ndi tipeksi, zikalata zosakhala zenizeni, ndi zina zotero, zimene oweruza asanu anazisanthula nagamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti chisankho chibwerezedwe. Mlandu umenewo unaulutsidwa pa wailesi, ukumasuliridwa m'Chichewa, kotero kuti bwalo la milandu la ku Lilongwe nalo linasanduka msasa wa oulutsa mau kwa miyezi ingapo.

Mau Ake

Tifike tsopano pa chimene chikhudza maphunziro a chilankhulo chathu. Muulutsi wa usiku wa chisankho alibe nthawi yofunsa akuluakulu. Mau amene atuluka m'kamwa mwake pakati pa usiku ndiwo amene anthu adzanena m'mawa ku chigayo.

Oulutsa mau amakonda kunena kuti akutipatsa "zotsatira zosatsimikizika". Ife tiona kuti mau amenewa satumikira bwino. Wophunzira galamala adziwa kusiyana kwa mphatikiram'tsinde -ik- ndi -idw-. Tikati mphika wasweka sititchula wouswa. Tikati waswedwa, pali munthu amene wachita. Chomwechonso chinthu chosatsimikizika ndicho chokaikitsa, chimene palibe angachitsimikize, monga mphekesera za pa mowa. Koma ziwerengero za mtolankhani sizili zotero. Iye waziona zolembedwa ndi zosainidwa. Chosowa nchakuti eni ake a nchito sanaziikepo dzanja lao lomaliza. Kukadakhala bwino kunena kuti "zotsatira zimene bungwe silinatsimikize", pakuti pamenepo womvera adziwa kuti pali wina amene tikumdikira, ndiponso adziwa kuti ndani. Mau oyambawo amabala zoipa ziwiri: ena amataya zonse ngati bodza, ndipo ena, poona kuti zambiri zimadzakhala zoona, amaleka kuwamva konse mauwo, monga m'mene sitimvera phokoso la mtsinje umene tagona pafupi nao.

Mau ena awiri ofunika kuwalekanitsa ndiwo kutsogola ndi kupambana. Wotsogola pa ulendo angathe kupitiriridwa. Wopambana ndiye wafika. Muulutsi wosamala amanena kuti "pa malo amene tamvako, akutsogola ndi akutiakuti", natchulanso kuchuluka kwa malo amene sanamveke. Chiganizo chachiwirichi ndicho chimaiwalika kawirikawiri, chikhalirecho ndicho chofunika koposa.

Kuwerenga manambala ndilo bvuto lakale. Kawerengedwe kathu kamatsamira pa zisanu, ndipo 387 timati mazana atatu, makumi asanu ndi atatu, kudza mphambu zisanu ndi ziwiri. Nzokoma kumva, koma muulutsi amene ali ndi masukulu mazanamazana sangathe kutero. Ndiponso "makumi asanu ndi atatu" angamveke ngati 80 kapena 53. Chifukwa chake onse amawerenga m'Chingerezi, ndipo sitiwadzudzula. Koma Chingerezi nacho chili ndi msampha wake: pa lamya yokhala ndi mphepo, 15 ndi 50 zimamveka ngati mapasa, chimodzimodzinso 13 ndi 30. Mankhwala ake ngapafupi, ndiwo kutchula chiwerengero chonse, nkubwerezanso manambala ake imodziimodzi. 

Masiku amenewa amabalanso mau atsopano, kapena kuukitsa ogona. Mu 2019 wapampando wa bungwe la zisankho, mai Jane Ansah, polankhula ku COMESA Hall ankatchula "madando", pamene ambiri anazolowera kunena kuti madandaulo. Mauwo anauluka pa wailesi, ndipo posakhalitsa anali m'kamwa mwa ana ndi akulu omwe. Tipeksi, kamene kanali kabotolo ka m'ofesi, kanasanduka dzina la chinyengo chilichonse. Palibe komiti ya chilankhulo imene inakhalira pansi mau amenewa.

Koma alipo mau ena amene analowa osamasuliridwa, ndiwo "50+1". Oweruza aja anagamula kuti wopambana pa mpando wa pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka. Anthu ambiri, pomva dzinali m'Chingerezi, amayesa kuti afunika 51 pa 100 alionse. Si choncho ai: ndi theka la mavoti abwino, kuonjezapo voti imodzi. Pa mavoti 1,000 wopambana afunika 501, osati 510. M'Chichewa nkhaniyi njosabvuta: kuposa theka. Lamulo limeneli lasintha ndi kamvedwe ka wailesi komwe. Mu 2014, pamene zotsatira za chisankho cha pa 20 Meyi zinalengezedwa pa 30 Meyi, a Mutharika anapambana ndi mavoti 36 okha pa 100 alionse, popeza kunali kokwanira kuposa anzao. Tsopano womvera ayenera kufunsa mafunso awiri: akutsogola ndani, ndipo kodi wadutsa theka? Pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 a Chakwera anadutsa theka. Pa cha pa 16 Seputembala 2025 analidutsa ndi a Mutharika, ndipo zotsatira zinalengezedwa pa 24 Seputembala, tsiku lachisanu ndi chitatu, a Chakwera atabvomera kale kugonja masana a tsiku lomwelo.

Mphunzitsi wa Sitandade 7 kapena 8 angathe kuyesa zimenezi m'kalasi popanda kutchula chipani. Agawe ana m'magulu asanu osalingana kukula, gulu lililonse likhale mudzi, ndipo asankhe pakati pa mango ndi nthochi polemba pa timapepala. Mwana mmodzi akhale mtolankhani, wina muulutsi, wina mlembi wa pa bolodi. Mphunzitsi alole midzi iwiri yoyandikira khomo kupereka ziwerengero zao poyamba, nafunse kalasi kuti chapambana nchiyani. Pambuyo pake alandire za midzi itatu ya kumbuyo. Muulutsi aziwerenga m'Chichewa ulendo woyamba ndi m'Chingerezi ulendo wachiwiri, ndipo ana alembe m'makope mwao zimene amva, kuti aone okha pamene manambala asokonekera.