KODI MUNTHU ANGAKANE KUPIMIDWA MOWA PAMSEU?

 Lero tikambirana za funso limene limabvuta anthu ambiri pa Cisanu ndi pa Loweruka usiku. Munthu wacoka pa mowa ku Kabwata, alikubwerera kwao ku Libala podzera Burma Road kapena Chilimbulu Road, ndipo apeza apolisi atatseka mseu. Wapolisi amtambasulira kacipangizo namuuza kuti auziremo mpweya. Kodi munthuyo angathe kukana? Nanga akakana, cimene cimgwera nciani?

M'malo omwera mowa mumamveka nzeru yakuti munthu wocenjera amatseka pakamwa pace, cifukwa popanda kupima apolisi alibe umboni. Nzeru imeneyi ndi yonama, ndipo yagonetsa anthu m'citokosi.

Tiyambe ndi kacipangizoko. Dzina lace ndi breathalyser, ndipo anakapanga ndi Robert Borkenstein, wa m'gulu la apolisi a ku Indiana m'dziko la America, m'caka ca 1954. Kagwiridwe kace ka nchito nkotere. Mowa ukatsikira m'mimba, umalowa m'mwazi. Mwaziwo poyenda m'thupi umadzera m'mapapo, ndipo mmenemo gawo lina la mowa limasanganikira ndi mpweya umene titulutsa. Cotero kacipangizoko sikanunkhiza pakamwa ai. Kamawerenga mowa wocokera m'kati mwa cifuwa. Ndico cifukwa cace kutafuna nshawa, kudya maswiti, kumwa khofi wowawa kapena kusamba madzi ozizira sikuthandiza kanthu. Cimene cicotsa mowa wambiri m'mwazi ndi ciwindi, ndipo ciwindi siticifulumiza. Botolo limodzi la mowa limacitengera ola lathunthu kapena kuposa. Munthu amene wamwa kufikira pakati pa usiku angathe kudzuka m'mamawa kupita ku nchito mowa ukali m'mwazi mwace.

Tsono tibwere pa lamulo. Dziko la Britain linaika muyeso m'caka ca 1967, pamene mai Barbara Castle anali nduna ya za mtengatenga. Muyesowo unali mamiligalamu 80 a mowa m'mamililita 100 a mwazi, ndipo m'caka coyamba imfa za pamseu zinacepa ndi anthu oposa 1,000. Opanga lamulolo anaoneratu kuti muyeso ungakhale wacabe ngati aliyense woledzera aloledwa kukana kupimidwa. Motero anacititsa kukanako kukhala mlandu pa kokha. Kuno kwathu ku Zambia tiri ndi lamulo la Road Traffic Act la m'caka ca 2002, limenenso linakhazikitsa bungwe la Road Transport and Safety Agency, lija ticula kuti RTSA. Lamulo lathu linatsata njira yomweyo ndi muyeso womwewo. Limapatsa mphamvu wapolisi kupima woyendetsa galimoto amene amganizira kuti wamwa, ndipo wokana popanda cifukwa comveka wapalamula.

Onani tsono mmene zinthu zimamuipira munthu wokana. Coyamba, apolisi samuuza kuti pitani bwino. Amamgwira napita naye ku polisi, ndipo galimoto yace siyendanso m'manja mwace usiku umenewo. Caciwiri, kukana kwaceko kumalembedwa, ndipo kudzanenedwa pamaso pa woweruza. Cacitatu, umboni wa kuledzera sucokera m'kacipangizo mokha. Wapolisi adzafotokoza mmene galimoto inalikuyendera mokhotakhota, mmene mwiniyo analikudzandira potuluka, ndi mmene lilime lace linalikulemera. Dotolo nayenso angathe kumpima napereka umboni wace. Munthu amene anayesa kuthawa mlandu umodzi angathe kupezeka alikuyankha iwiri.

Cilango ca milandu yotere ndi faindi, kapena ndende, kapena zonse ziwiri, ndiponso bwalo liri ndi mphamvu yoimitsa laisensi. Mu Lusaka munakhazikitsidwa bwalo lozenga msanga milandu ya pamseu, kotero kuti asadalire munthu kuti nkhani yace idzaiwalika m'mapepala. Akulu anati mlandu suola. Kwa dalaiva wa minibasi kapena wa takisi, laisensi ndilo khasu lace; ikaimitsidwa, ana kunyumba agona ndi njala ndipo mwini nyumba afuna ndalama zace pakutha pa mwezi. Ena amayesa kutsekera wapolisi kanthu m'dzanja. Dziwani kuti wopereka ciphuphu ndi wolandira onse apalamula mlandu wina, woposa uja anali kuuthawa.

Koma lamulo silipondereza munthu wosalakwa. Alipo anthu odwala cifuwa ca mphumu, kapena obvulala pa ngozi, amene sangathe kuuzira mpweya wokwanira. Wotere anene poyera bvuto lace, ndipo abvomere kupimidwa ndi dotolo. Kulephera cifukwa ca nthenda nkosiyana ndi kukana dala, kapena kunamizira kuuzira uku ulikutsekereza kacubu ndi lilime. Ndiponso ngati mwangomeza cakumwa posacedwa, kapena mwatsuka m'kamwa ndi mankhwala okhala ndi mowa, muuzeni wapolisiyo, cifukwa mowa wotsalira m'kamwa umatenga mphindi 15 kapena 20 kuti uthe. Ngati muona kuti sanakuciteni bwino, malo odandaulira ndi pa bwalo la milandu, kumene muli ndi ufulu wodziteteza ndi kuitana loya. Kukangana pamseu usiku sikupindula.

Mwina wina afunsa kuti, "Boma libvutikiranji ndi mowa umene ndagula ndi ndalama zanga?" Yankho liri m'kawerengedwe aka. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Mowa umacedwetsa diso kuona ndi phazi kuponda buleki, komanso umanyenga munthu kuti adziyese katswiri. Sekondi imodzi yocedwa ndiyo imasiyanitsa mwana wa sukulu ya Libala amene waoloka mseu bwino ndi mwana amene amthamangira naye ku cipatala ca UTH. Pakafa munthu, mlandu wace umakhala wina, waukulu koposa, ndipo palibe faindi imene ibweza moyo kwa amai olira. Cakudza sicimba ng'oma.

Cotero abale anga, nkhani ya kupimidwa muikonzeretu musanayambe botolo loyamba. Ngati mupita ku ukwati ku Chelstone kapena ku phwando ku Kabulonga, sankhani mmodzi mwa inu amene sadzalawa mowa tsiku limenelo, kuti ndiye ayendetse. Pakasowa wotere, siyani galimoto pamalo abwino, kwerani takisi, mudzaitenge mawa dzuwa litakwera. Ndipo inu amai ndi abambo a mwini phwando, musacite manyazi kulanda makiyi kwa mlendo wanu amene walema; akakwiya usiku, adzayamika kukaca. Koma mukapezeka pamseu wapolisi atakutambasulirani kacipangizo, uziranimo monga mwa lamulo.