Cibade ca ku Kabwe ndi Mkangano wa Ciyambi ca Munthu

M'caka ca 1921, okumba mtovu m'mgodi wa Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, anafukula cibade ca munthu wamakedzana. Cinatengedwa kupita ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwezedwe. Akatswiri amene anacipima mu 2020 anapeza kuti cakhala zaka pafupifupi 300,000.

Ciwerengero cimeneci cimazunguza mitu ya makolo, pakuti mwana amamva zina kusukulu, zina kuchalichi. Kusukulu amaphunzira ganizo limene Charles Darwin anafalitsa mu 1859, lakuti zamoyo zimasinthika pang'onopang'ono m'mibadwo yosawerengeka.

Otsutsa ganizoli ali pawiri. Ena amati dziko linalengedwa m'masiku 6 enieni, zaka pafupifupi 6,000 zapitazo, monga anawerengera Bishopu James Ussher wa ku Ireland mu 1650. Kwa iwowa, zaka za cibade cija n'zolakwika.

Ena salimbana ndi zaka, koma amaloza luso looneka m'zamoyo. Mu 1802 William Paley anati munthu akatola wochi pathengo amadziwa kuti alipo anaipanga. Nanga diso lingadzipange lokha? Mu 1996 Michael Behe wa ku America anafanizira tiziwalo tina ta m'thupi ndi msampha wa mbewa. Aliyense wochera diwa adziwa kuti kamtengo kamodzi kakasowa, mbewa sigwidwa. Cotero, anatero Behe, ciwalo cotere sicikanabwera cidutswacidutswa.

Asayansi amayankha kuti diso losakwanira liri ndi phindu ndithu: pali tizilombo tongosiyanitsa kuwala ndi mdima, ndipo zimenezo zimatipulumutsa kwa adani. Amatinso cidutswa cingayambe ndi nchito ina cisanalowe m'ciwalo catsopano. Za zaka, amati njira zosiyanasiyana zopimira miyala zimagwirizana kuti dziko ndi lakalekale. Mu 2005 khoti la ku Pennsylvania linagamula kuti ciphunzitso ca Behe ndi anzake n'cacipembedzo, cosayenera m'phunziro la sayansi.

Komabe si okhulupirira onse amaona nkhondo pamenepa. Mu 1996 Papa John Paul II anavomereza kuti umboni wa kusinthika kwa zamoyo ngwamphamvu, koma anati mzimu wa munthu ucokera kwa Mulungu. Kholo lodziwa zimenezi silidzaumiriza mwana kusankha pakati pa mayeso ndi pemphero.