Laisensi imatsata zilembo za kumchira kwa ndege

Pa ntchito yanga yophunzitsa kuyendetsa ndege pali funso limene makolo amabwera nalo kawirikawiri, nkhope zili zankhawa. Mwana wawo anatenga laisensi yoyamba, imene timaitcha PPL, ku South Africa, ndipo tsopano akufuna akapitirize maphunziro ku America kuti adzakhale payiloti wolipidwa. Kodi laisensiyo ikagwira ntchito kumeneko, kapena ndalama zonse zija zinalowa m'madzi?

Sizinalowe m'madzi ayi. Koma laisensiyo payokha simulola kukwera ndege ya ku America n'kuiulutsa, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa musanagule tikiti.

Mukadzafika pa bwalo la ndege la Kamuzu, muyang'ane zilembo zolembedwa chakumchira kwa ndege iliyonse. Za kuno zimayamba ndi 7Q, za ku Zambia 9J, za ku South Africa ZS, za ku America N. Pangano la ku Chicago la 1944, limene linabala bungwe la ICAO, limanena mu ndime 32 kuti woyendetsa ndege akhale ndi laisensi yoperekedwa kapena yovomerezedwa ndi dziko limene ndegeyo inalembetsedwa. Pasipoti ya payiloti ilibe mawu pamenepa. Chimene chimalamula ndi zilembo zija. Ndege za m'sukulu za ku America ndi za N, choncho pakufunika chikalata cha FAA, bungwe loona za ndege kumeneko.

Mwayi wake ndi woti FAA simubweza wophunzira pachiyambi. Lamulo lawo la nambala 61.75 limalola munthu amene ali ndi PPL ya dziko lina la mu ICAO kulandira chikalata cha ku America osalembanso mayeso. Amatumiza fomu ku ofesi yawo ya ku Oklahoma City, iwo n'kufunsa bungwe limene linapereka laisensiyo ngati ndi yeniyeni. FAA imalangiza kuti fomuyi ipite kudakali masiku 90, ndipo kalata yotsimikizira ikatuluka imagwira ntchito miyezi 6 yokha. Ndaonapo achinyamata atafika kale pasukulu, akulipira nyumba ndi chakudya sabata ndi sabata, ndege akungoziona ndi maso, chifukwa fomu anaitumiza atatsika kale m'ndege. Zimandiwawa kwambiri, poti nthawi zambiri ndalamazo ndi za munda kapena nyumba imene makolo anagulitsa.

Pali chinanso chimene ambiri sauzidwa. Chikalata chotere chili ngati khanda loyamwa: moyo wake uli mwa mayi ake. Laisensi ya ku South Africa ija ikatha mphamvu, chikalata cha FAA nachonso chimaima tsiku lomwelo. Malire onse olembedwa pa laisensi yoyambayo amamutsatira wophunzira mpaka ku America. Ku South Africa, mwachitsanzo, chilolezo chouluka usiku amachiphunzira padera, pamene PPL ya ku America imakhala kale ndi maola 3 a maphunziro a usiku. Choncho musananyamuke onetsetsani kuti laisensi yanu yakonzedwanso ndipo ikhalabe ndi mphamvu nthawi yonse ya maphunziro. Khandalo limaleka kuyamwa wophunzira akakhoza mayeso a FAA a CPL, laisensi ya oyendetsa ndege olipidwa. Imeneyo imaima payokha.

Tsono nkhani ya maola, imene ine ndimaiona kuti ndiye chuma chenicheni cha wophunzira. Maola amene munauluka kwina amawerengedwa, bola akhale olembedwa bwino mu logbook ndi kusainidwa ndi aphunzitsi pamene pakufunika. FAA imafuna maola 250 kuti munthu ayesedwe CPL, kapena 190 ngati akutsata ndondomeko ya sukulu yovomerezeka mwapadera. Koma maola samawerengedwa mofanana paliponse. Ulendo wa mtunda wautali, malinga ndi FAA, ndi umene mwakatera pa bwalo lotalikira kupitirira ma nautical mile 50 kuchokera pamene munanyamukira, kuyeza molunjika. Woyesa amatsegula buku lanu tsamba ndi tsamba, ndipo ulendo umene sunafike pamenepo amauchotsa, ngakhale kwanu unkatchedwa wautali. Izi zimapweteka makamaka pofuna chilolezo chouluka m'mitambo modalira zipangizo, chimene mwa njira wamba chimafuna maola 50 a maulendo otere muli inu mwini pa chiwongolero. Ndimauza ophunzira anga kuti ulendo uliwonse azilemba bwalo lonyamukira, lotererapo ndi mtunda wake, tsiku lomwelo, ndipo azijambula masamba onse n'kusunga padera.

Kupatula FAA, wophunzira wakunja amayenera kufufuzidwa ndi bungwe la chitetezo la TSA asanayambe maphunziro ena, komanso kukhala ndi viza ya ophunzira, nthawi zambiri ya M-1. Viza ya alendo si ya ntchito imeneyi. Chingerezi chake chifike pa mlingo 4 wa ICAO.

Ku Ulaya njira ndi ina. Malamulo a EASA, bungwe loona za ndege kumeneko, amalola PPL ya dziko lililonse la mu ICAO kukhala poyambira maphunziro a CPL a pang'onopang'ono, wophunzira akakwanitsa maola 150, koma mayeso olemba ndi ambiri ndipo sawachotsera munthu.

Kwa bambo kapena mayi amene akuwerenga, pempho langa ndi lakuti mwana akayezedwe kaye ndi dokotala wovomerezeka wa za ndege, pa mlingo wa Class 1, ndalama zikuluzikulu zisanatuluke. Vuto la maso kapena la mtima likapezeka maphunziro atatha, palibe sukulu imene ingabweze kanthu. Mufunsenso kuti mwanayo adzagwira ntchito kuti. Akabwerera kuno ndi CPL ya ku America, ndege zimene adzazipeza ndi za 7Q, ndipo ndime 32 ija idzamukhudzanso: adzapita ku bungwe lathu loona za ndege kuti laisensiyo ivomerezedwe kapena isinthidwe. Lemberani bungwelo lero, likuuzeni zimene lidzafune, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.