Makina Amene Anawerengera Osaona Mabuku

Mukajambula tsamba la buku ndi foni, chithunzicho n'kusanduka mawu oti mungawakonze pa kompyuta, ndiye kuti mwagwiritsa ntchito luso lotchedwa OCR.

Kompyuta siona zilembo ngati mmene ife timaonera. Imangoona timadontho takuda ndi toyera. Imayamba yalekanitsa mizere, kenako zilembo, n'kufufuza maonekedwe a chilembo chilichonse: kodi chili ndi bowo pakati? Kodi chili ndi mchira wolendewera pansi? Ikatero imayerekeza mawuwo ndi amene ili nawo mu dikishonale yake. N'chifukwa chake pepala lofufutika limaisokoneza, moti "rn" imamuyesa "m". Ndipo mukaipatsa tsamba la Chichewa ili ndi dikishonale ya Chingerezi yokha, kadenga ka pa "ŵ" kangasowe.

Makina akale ankazindikira mitundu yochepa chabe ya zilembo zosindikizidwa. Ray Kurzweil wa ku America ndi anzake anapanga owerenga pafupifupi mtundu uliwonse, koma funso linali lakuti athandiza ndani. Yankho linachokera kwa bambo wina wosaona amene anakhala naye pafupi m'ndege. Bamboyo anati chimene chinkamuvuta kwambiri n'kulephera kudziwerengera yekha zosindikizidwa wamba.

Mu Januwale 1976, Kurzweil anaonetsa poyera makina amene ankajambula tsamba, kuzindikira zilembo, n'kuwerenga mokweza. Anali aakulu ndiponso odula kwambiri. Woimba wosaona Stevie Wonder anali mmodzi mwa oyamba kukhala nawo, ndipo mu 1980 kampani ya Xerox inagula bizinesiyo.